Junior Johnson: Zaka 42 pa Mpikisano wa Magalimoto, Kuyambira pa Kachasu wa ku Wilkes

Mu mzinda wa Charlotte, m'chigawo cha North Carolina ku America, muli nyumba yaikulu yosungiramo mbiri ya akatswiri a mpikisano wa magalimoto, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2010. Mlendo wolowa m'nyumbamo amayembekeza kuona magalimoto, zikho ndi zithunzi, ndipo amazionadi. Koma pakati pa zonsezi amapezanso chinthu chimene sanachiganizire, ndicho ziwiya zotchezera kachasu, mphika wake, migolo ndi mipope yake yomwe, zolumikizidwa bwino lomwe monga zikhalira kutchire. Anazipanga ndi Bambo Junior Johnson, mmodzi wa anthu asanu oyamba kulandira ulemu m'nyumbamo. Pamene antchito a nyumbayo anasowa kalumikizidwe kake, nkhalambayo, ya zaka 78, inanyamula zipangizo zake nidzagwira ntchitoyo ndi manja ake. Ziwiya za mtundu womwewo ndizo zinamulowetsa m'ndende m'chaka cha 1956.

Johnson anamwalira pa 20 Disembala 2019 ali ndi zaka 88. Anayamba kupikisana m'gulu lapamwamba m'chaka cha 1953, nasiya m'chaka cha 1995. Pa zaka 42 zimenezi anapambana mipikisano 50 ali pa chiwongolero, ndipo magalimoto amene iye anali mwini wake anapambana mipikisano 132 ndi zikho zisanu ndi chimodzi za ukatswiri wa chaka. Ziwerengerozi n'zazikulu ndithu, koma alipo ena amene anaziposa. Chimene chiyenera kulingaliridwa pa moyo wake ndi ichi: iye ndiye analozera makampani a chuma chambiri njira yolowera m'masewerawa, ndipo chuma chomwecho chitakula chinachotsa masewerawo m'manja mwa anthu onga iye, ndi m'maboma ang'onoang'ono onga la kwawo.

Dziko la mapiri ndi msonkho

Robert Glenn Johnson anabadwa pa 28 Juni 1931 m'boma la Wilkes, m'tsinde mwa mapiri a Blue Ridge. Popeza dzina lake linali lomwelo la atate ake, anthu anangomutcha Junior, ndiko kunena wamng'ono, ndipo dzinalo linamumatirira kufikira ukalamba.

Dziko la Wilkes n'la mapiri ndi zigwa, minda yake ing'onoing'ono. Mlimi wa kumeneko akagulitsa chimanga chake monga chiliri ankapeza zochepa. Koma akachiviika, nachisakaniza ndi shuga, nachitcheza, chimanga chomwecho chinkasunga banja. Kuyambira 1920 kufikira 1933 Boma la America linaletseratu mowa m'dziko lonse. Lamulolo litachotsedwa mlandu sunathe, unangosintha dzina, pakuti tsopano Boma linafuna msonkho pa botolo lililonse, ndipo wotcheza kutchire anakhala wozemba msonkho. Ndiponso maboma ambiri a kum'mwera anapitiriza kuletsa malonda a mowa waukali m'malire awo, kotero kuti msika wa kachasu sunachepe konse. Atate ake a Johnson anatha zaka zambiri za moyo wawo m'ndende chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo akatuluka ankaiyambiranso. Kwa iwo sikunali kuba ayi, inali ntchito ya makolo.

Kachasu wotchezedwa kumapiri ankagulidwa m'mizinda ya kuchigwa, monga Winston-Salem, Greensboro ndi Charlotte, ndipo ankayenda usiku. Junior anayamba kusenza katunduyu ali ndi zaka ngati 14. Sukulu sanapite nayo patali. Wonyamula kachasu ankafuna galimoto yooneka ngati ya munthu wamba wopita ku tchalitchi, koma yakuti ikasenza mabotolo odzaza isagwade kumbuyo, pakuti wapolisi wochenjera amazindikira katundu poona m'mene galimoto yakhalira pansi. Chotero anyamata a ku Wilkes ankalimbitsa masipuling'i a kumbuyo, nachotsa mipando, naikamo injini zazikulu. Ambiri ankakonda Ford ya 1940, ena n'kuiikira injini ya Cadillac. Zonsezi ankazichita okha m'mashedi, opanda buku kapena mphunzitsi, ndipo mayeso ake anali aukali, popeza wolakwitsa ankakagona m'chitokosi, kapena m'manda.

Pa ntchito imeneyi Junior anatchuka ndi kakhotedwe kake. Akapeza apolisi atatseka msewu kutsogolo, ankatsitsa giya, napotoza chiwongolero mwadzidzidzi, galimoto n'kutembenuka pomwepo kuloza kumene yachokera. Pamene apolisi ali kuyesa kubweza zawo, iye wazimirira kale m'mdima. Pa msewu sanamugwirepo ndi kamodzi komwe.

Anyamata otere sakanalephera kuyesana Lamulungu masana kuti aone waliwiro ndani, ndipo mabwalo a dothi anayamba kuoneka m'madera ambiri a kum'mwera. Si onse opikisana amene anali a kachasu, koma a kachasu ndiwo anali ndi ndalama, magalimoto ndi luso. M'mwezi wa Disembala 1947 Bill France, makaniko wa ku Daytona Beach m'chigawo cha Florida, anasonkhanitsa eni mabwalo, amakaniko ndi oyendetsa, ndipo m'chaka cha 1948 bungwe la NASCAR linakhazikitsidwa. Maganizo a France anali akuti anthu adzabwera ambiri akaona magalimoto onga awo omwe ali kupikisana. N'chifukwa chake amawatcha stock car, kutanthauza galimoto monga yatulukira m'sitolo, yosasinthidwa kanthu. Koma pa mpikisano woyamba weniweni wa mtundu umenewu, ku Charlotte m'mwezi wa Juni 1949, amene anafika poyamba, Glenn Dunaway, analandidwa mphotho chifukwa oyang'anira anapeza kuti masipuling'i a galimoto yake anali okonzedwa mwa njira ya onyamula kachasu. Mkangano wa pakati pa buku la malamulo ndi nzeru za m'shedi unayamba tsiku lomwelo, ndipo Johnson anadzakhala pakati pake moyo wake wonse.

Kulowa kwake iye mwini kunali kosakonzekera. Monga ankasimbira, tsiku lina ali kulima ndi pulawo yokokedwa ndi nyulu, wopanda nsapato, mkulu wake anadza kudzamuuza kuti akayendetse galimoto yake pa bwalo la North Wilkesboro, limene linatsegulidwa m'boma lawo m'chaka cha 1947. Anamangirira nyuluyo, nakavala nsapato, napita, nafika wachiwiri. M'chaka cha 1953 analowa mpikisano waukulu wa ku Darlington, ndipo m'chaka cha 1955 anapambana kasanu, kuyambira pa bwalo laling'ono la Hickory.

Miyezi 11 ku Chillicothe

Ngakhale anali atatchuka chotere, ntchito ya kwawo sanaisiye. Tsiku lina m'bandakucha, m'chaka cha 1956, anapita kukasonkha moto pa malo otchezera a atate ake, napeza apolisi a msonkho atabisala akumudikira. Munthu amene analephera kumugwira ali m'galimoto anamugwira ali pansi. Bwalo la milandu linamulamula kukhala m'ndende zaka ziwiri, ndipo anagwira miyezi 11 m'ndende ya Boma ku Chillicothe, m'chigawo cha Ohio. Atabwerako anapambana kasanu ndi kamodzi m'chaka cha 1958, ndi kasanu m'chaka chotsatira. Koma mlanduwo unamulanda ufulu wa kuponya voti, ndipo anakhala wopanda ufuluwo zaka 30.

Mphepo ya ku Daytona

Bwalo latsopano la ku Daytona linatsegulidwa m'chaka cha 1959. Kulizungulira kamodzi ndi mailosi awiri ndi theka, ndipo m'makona mwake msewu unapendekeka ngati m'mbali mwa beseni, kotero kuti woyendetsa safunika kuchepetsa moto. Pa bwalo lotere galimoto ya injini yamphamvu ndiyo iyenera kupambana, ndipo m'chaka cha 1960 zamphamvu zinali za Pontiac. Johnson anafika kumeneko kudzayendetsa Chevrolet yokonzedwa mofulumira ndi makaniko Ray Fox, ndipo aliyense anaona kuti galimotoyo inali yotsalira kutali.

Tsono pa masiku oyeserera, Pontiac ina itamupitirira, iye anaimamatira kumbuyo kwenikweni, nadabwa kuona kuti sikumusiya. Chifukwa chake n'chakuti galimoto yothamanga kwambiri imang'amba mphepo, ndipo kumbuyo kwake kumatsala kampata kamene mphepo yake n'njochepa. Yolowa m'kampatako silimbananso ndi mphepo yonse, imakhala ngati ikukokedwa ndi chingwe chosaoneka, ndipo ziwirizo pamodzi zimathamanga koposa m'mene iliyonse ikanathamangira payokha. Ya kumbuyoyo, pokhala yasunga mphamvu, ingathe kutulukira pambali ngati mwala wa pa legeni nipitirira inzake. Johnson sanawerenge zimenezi m'buku lililonse. Anazimva m'chiwongolero ndi m'kulira kwa injini.

Pa tsiku la mpikisano wa mailosi 500, pa 14 Febuluwale 1960, ntchito yake inali imodzi, kudumphira kumbuyo kwa Pontiac iliyonse yomupitirira. Kutatsala maulendo ochepa ozungulira bwalo, Bobby Johns ndiye anali patsogolo. Koma galasi la kumbuyo kwa galimoto yake linazuka ndi mphamvu ya mphepo, galimoto nizungulira pa msewu, ndipo pamene ankaiwongola Johnson anali atadutsa. Anapambana ndi liwiro la pafupifupi mailosi 125 pa ola. Kuyambira pamenepo palibe woyendetsa amene amalowa bwalo la Daytona osadziwa nzeru imeneyi.

Kayendetsedwe kake kanali ka munthu wothawa apolisi: kuponda moto kuyambira pachiyambi, galimoto ipambane kapena iphwasuke. N'chifukwa chake, pamodzi ndi kusalowa mipikisano yonse ya chaka, chikho cha ukatswiri sanachitengepo ali woyendetsa. M'chaka cha 1965 anapambana maulendo 13, koma chikho chinapita kwa Ned Jarrett, amene anapambananso maulendo 13 koma anali wosamala galimoto ndi wosajomba. Chaka chomwecho mlembi Tom Wolfe analemba nkhani yaitali ya iye m'magazini ya Esquire, imene inadziwitsa anthu a m'mizinda ya kumpoto kuti kum'mwera kuli masewera otere. Pambuyo pake, m'chaka cha 1973, nkhaniyo inasanduka kanema.

Zaka zimenezo zinali za maliro. Pa 24 Meyi 1964, ku Charlotte, magalimoto a Johnson ndi Jarrett anagundana, ndipo Fireball Roberts, poyesa kuwalewa, anawomba khoma chakumbuyo. Thanki ya petulo inaphulika, galimoto nigudubuzika ili kuyaka. Jarrett anamusolola m'motomo, koma Roberts anamwalira pa 2 Julayi. Imfa imeneyi ndiyo inafulumizitsa zovala zosagwira moto ndi mathanki osaphulika msanga. M'chaka cha 1966 Johnson anatsika pa chiwongolero ali ndi zaka 35 zokha, atalowa mipikisano 313.

Mwini magalimoto

Sanasamuke kwawo. Nyumba zokonzeramo magalimoto anazimanga ku Ingle Hollow, pafupi ndi pamene anabadwira, ndipo pambali pake ankaweta nkhuku ndi ng'ombe. Ambiri mwa antchito ake anali anthu ophunzira umakaniko monga anauphunzirira iye.

Buku la malamulo ankaliwerenga ngati loya, kufunafuna chimene silinanene. Ndipo ayenera kuvomereza ngakhale omukonda kuti nthawi zina ankadumpha ndi chimene linanena momveka. M'mwezi wa Ogasiti 1966 anabweretsa ku Atlanta galimoto ya Ford yachikasu, denga lake lotsitsidwa, mphuno yoweramira pansi, kumbuyo kotukulidwa, yokhota kotero kuti anthu anaitcha nthochi. Panalibe sitolo pa dziko lapansi yogulitsa Ford yotere. Oyang'anira anailola ulendo umodzi wokhawo, popeza m'chaka chimenecho kampani ya Ford inali itanyanyala ndipo owonerera anali kuchepa. Fred Lorenzen anaiyendetsa natsogola nayo, kufikira anawomba khoma. Posakhalitsa bungwe linayamba kuyeza thupi la galimoto iliyonse ndi zikombole. Malamulo ambiri a masewerawa anabadwa motero, Johnson atapeza chiboo, bungwe n'kudzachitseka.

M'chaka cha 1969 woyendetsa wake LeeRoy Yarbrough anatenga mipikisano itatu yaikulu koposa, wa ku Daytona, wa mailosi 600 ku Charlotte ndi wa ku Darlington. Koma ndalama zoyendetsera zonsezi zinkachokera ku kampani ya Ford, ndipo kumapeto kwa 1970 Ford inaleka kuthandiza. Johnson anatsala ndi magalimoto, antchito ndi luso, wopanda wolipira.

Ulendo wa ku Winston-Salem

Pa nthawi yomweyo kunali ena amene vuto lawo linali losiyana ndi lake: ndalama zambiri, kozimwazira kulibe. Nyumba ya malamulo ya America inali itapanga lamulo loletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema kuyambira mu Januwale 1971. Kampani ya fodya ya R. J. Reynolds, ya ku Winston-Salem, mzinda womwewo umene Johnson ankaperekako kachasu ali mnyamata, inali ndi chuma chochuluka chimene inkalipira ku mawailesi chaka ndi chaka. Johnson anapita kukapempha kuti imuthandize pa galimoto yake. Akuluakulu a kampaniyo atamva ndalama zimene ankafuna anamuuza kuti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene iwo anali nazo m'maganizo.

Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu wina akanalandira zakezo nakhala chete. Johnson anawauza kuti ngati chuma chawo n'chotero, galimoto imodzi siiwakwanira, akaonane ndi Bill France atenge masewera onse. Anaterodi. M'chaka cha 1971 chikho cha ukatswiri chinatchedwa Winston Cup, potengera dzina la ndudu za kampaniyo, imene inaikapo madola 100,000 ogawana opambana. Ndipo ubale umenewu unakhala kufikira 2003. Galimoto ya Johnson sinalembedwe dzina la Winston.

Sikungakanidwe kuti chimenechi chinapulumutsa masewerawa pa nthawi imene makampani opanga magalimoto anali kuwafulatira. Mabwalo anapakidwa utoto wofiira ndi woyera, mphotho zinakula, ndipo makampani ena, poona kumene kwalowa a fodya, anatsatira. Palinso funso lina limene a zaumoyo anapitiriza kufunsa zaka zonsezo, ngati kunali koyenera kuti malonda oletsedwa pa wailesi abwererenso pa maso pa ana kudzera pa zikwangwani za m'mabwalo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zoyamba zinaluma mabwalo a kumidzi. Wolipira sankafuna mipikisano yaing'ono ya pakati pa sabata yoonedwa ndi anthu ochepa; ankafuna yaikulu, yowerengeka, yolembedwa m'nyuzipepala za dziko lonse. M'chaka cha 1971 munali mipikisano 48. M'chaka cha 1972 inatsala 31. Yonse yosakwana mailosi 250 inachotsedwa. Bwalo la Hickory, pamene Johnson anapambanira koyamba, linatuluka m'gulu lapamwamba. La North Wilkesboro linapulumuka pang'onong'ono, pakuti kulizungulira maulendo 400 kumakwana mailosi 250 osapitirira ndi phazi lomwe.

Zaka za zikho

Kwa Johnson mwini, zaka 15 zotsatira zinali za kukolola. Anabwerera ku Chevrolet, ndipo Bobby Allison anapambana maulendo 10 m'chaka cha 1972 m'galimoto yokonzedwa ku Ingle Hollow. Kenaka kunabwera Cale Yarborough, munthu wamfupi, wolimba ngati chitsa, amene kayendetsedwe kake kanali konga ka mbuye wake. Anatenga chikho m'zaka za 1976, 1977 ndi 1978, napambana mipikisano 28 pa zaka zitatuzo. Panalibe amene anatengapo chikho katatu motsatizana iye asanatero.

Yarborough atachoka kumapeto kwa 1980, Johnson analemba Darrell Waltrip, mnyamata wolankhulitsa amene owonerera ambiri ankamukuwiza. Anthu awiriwa anali osiyana ngati usana ndi usiku, wina wa pakamwa, wina wongoyang'ana. Koma Waltrip anapambana maulendo 12 m'chaka cha 1981 ndi 12 enanso m'chaka cha 1982, natenga zikho zonse ziwiri. M'chaka cha 1985 Bill Elliott anapambana maulendo 11 ndi galimoto yosapezeka liwiro lake, Waltrip katatu kokha. Koma powerenga mapointi kumapeto, chikho chinapitanso ku Ingle Hollow. Munthu amene pa unyamata wake sankadziwa kusunga galimoto anali ataphunzira, ali mwini, kuti chikho chimatengedwa ndi wofika kumapeto sabata ndi sabata. Chaka chomwecho Waltrip anapambana mpikisano wapadera wa opambana okhaokha ku Charlotte, ndipo injini yake inaphulika atangodutsa mzere womaliza, oyang'anira asanaiyeze. Anthu amakambabe za kuphulika kumeneko.

Pa 26 Disembala 1986 Pulezidenti Ronald Reagan anasaina chikalata chomukhululukira mlandu wa 1956, ndipo ufulu wake wa kuponya voti unabwezedwa.

Koma chaka chomwecho chinaonetsa kumene mphepo inali kulowera. Waltrip anachoka kupita kwa Rick Hendrick, wogulitsa magalimoto wa ku Charlotte, amene analowa masewerawa m'chaka cha 1984 ndi chuma cha malonda ake. Eni magalimoto atsopano anali a mtundu umenewu: amalonda ndi mainjiniya, okhala ndi magalimoto angapo, ma kompyuta ndi anthu a madigiri, odziwa kulankhula ndi akuluakulu a makampani m'maofesi. Ndalama zimene Johnson anazilozera njira ndizo zinawaitana. M'chaka cha 1991 galimoto yake inapezeka ndi injini yopitirira muyeso, ndipo anaimitsidwa. Chilangocho chitachepetsedwa kufika pa mipikisano inayi, galimotoyo inapitiriza kupikisana ndi nambala ina, m'dzina la mkazi wake. Kale nkhani yotere anthu ankangoiseka. Tsopano panali makampani olipira mamiliyoni amene sankakondwera kuona dzina lawo pafupi ndi mawu akuti chinyengo.

Kuzungulira kumodzi kokha

Mpata womaliza wa chikho unadza m'chaka cha 1992, ndipo amene anamulanda anali munthu amene Johnson anamufunapo kawiri. Alan Kulwicki, wa ku Wisconsin kumpoto, anali injiniya wophunzira ku yunivesite, woyendetsa galimoto yake yomwe ndi kagulu kochepa ka antchito. Johnson anamuitana kuti adzamuyendetsere, kachiwiriko ndi malipiro a madola miliyoni imodzi, koma iye anakana, nati afuna kudziimira. Pambuyo pake Johnson analemba Bill Elliott, amene anapambana mipikisano inayi motsatizana kumayambiriro kwa chakacho. Kutatsala mipikisano isanu ndi umodzi Kulwicki anali m'mbuyo ndi mapointi 278, ndipo ambiri anamuwerengera kunja. Koma magalimoto a Johnson anayamba kuwonongeka sabata ndi sabata.

Zonse zinakathera ku Atlanta pa 15 Novembala 1992. Davey Allison, amene anafika kumeneko ali patsogolo pa mapointi, anachita ngozi, ndipo nkhondo inatsala ya anthu awiri. Lamulo la nthawi imeneyo linkapereka mapointi asanu apadera kwa amene watsogola maulendo ambiri ozungulira bwalo. Kulwicki ndi anthu ake ankawerenga ulendo uliwonse, ndipo anachedwa dala kukamwetsa petulo kufikira atatsimikiza kuti sangapitiriridwe. Elliott anapambana mpikisanowo, Kulwicki nafika wachiwiri. Koma Kulwicki anali atatsogola maulendo 103, Elliott 102. Chikho chinapita kwa Kulwicki ndi mapointi 10. Akanakhala Elliott ndiye watsogola koposa, mapointi akanafanana, ndipo chikho chikanapita kwa iye chifukwa anapambana kasanu m'chakacho pamene mnzakeyo anapambana kawiri. Johnson, amene anagonjetsa ma Pontiac ndi kuchenjera, anagonja kwa munthu wa masamu; ndipo anachotsa ntchito mkulu wa amakaniko ake. N'zachisoni kuti Kulwicki sanadye ukatswiri wake, pakuti anafa pa ngozi ya ndege pa 1 Epulo 1993. Mpikisano wa ku Atlanta womwewo unali womaliza wa Richard Petty, ndi woyamba wa mnyamata wa Hendrick, dzina lake Jeff Gordon.

Kupambana komaliza kwa galimoto ya Johnson kunali ku Darlington m'chaka cha 1994, pa bwalo limene anayambira zaka 41 m'mbuyomo. Kumapeto kwa 1995 anagulitsa gulu lake kwa woyendetsa Brett Bodine, nabwerera ku ng'ombe zake ali ndi zaka 64.

Chaka chomwecho anamwalira Enoch Staley, amene anamanga ndi kusunga bwalo la North Wilkesboro. Amalonda awiri, Bruton Smith ndi Bob Bahre, anagula bwalolo, osati chifukwa cholifuna, koma chifukwa cha masiku ake awiri a mpikisano pa chaka, amene anawasamutsira ku mabwalo awo aakulu a ku Texas ndi ku New Hampshire. Pa 29 Seputembala 1996 panachitika mpikisano wotsanzikira, ndipo anapambana ndi Jeff Gordon. Zitseko zinatsekedwa, udzu numera m'ming'alu ya msewu, ndipo ogulitsa zakudya, eni nyumba za alendo ndi eni malo oimikapo magalimoto a m'boma la Wilkes anataya masabata awiri amene ankawadalira chaka chilichonse.

Johnson anakhala zaka zina 23. M'chaka cha 2007 analowa m'kampani yotcheza mowa mololedwa, ndipo kachasu wa dzina lakuti Midnight Moon anayamba kugulitsidwa m'masitolo, msonkho wake wolipiridwa wonse. Kubwerera kwa gulu lapamwamba ku bwalo la kwawo sanakuone. Boma la chigawo cha North Carolina litaikapo ndalama zolikonzera, magalimoto a gulu lapamwamba anabwerera ku North Wilkesboro pa 21 Meyi 2023, patapita zaka zoposa zitatu iye ali m'manda. Anapambana ndi Kyle Larson, m'galimoto ya Rick Hendrick. Owonerera ochokera ku Winston-Salem anafika pa bwalolo kudzera pa msewu waukulu wa nambala 421, umene chigawo chake china, kuyambira m'chaka cha 2004, chimatchedwa Junior Johnson Highway.